Kadiresi Kachikasu ka Mwana wa Telala

Tsiku limene telala wa pakona anatuluka m'chipatala atanyamula mwana wamkazi, nyumba inachepa. Zaka zisanu ndi zinayi akusokera timalaya ana a eni ake, lero wakewake ali m'manja! Mwamuna wake ankangoyenda mano ali pamtunda, kupatsa moni ngakhale anthu amene sankalankhulana nawo.

Mwanayo anabadwa pa opaleshoni, ndipo namwino sanabise mawu powatsanzika. "Mayi, bala ili lili kunja ndi m'kati momwe. Masabata asanu ndi limodzi musanyamule cholemera kuposa mwanayu. Muziyamwitsa pafupipafupi, muzipuma. Thupi likatentha kapena bala likayamba kuchucha, thamangirani kuno."

Telala anavomera ndi mutu wokha. Atafika kunyumba anaunika msoko wa pamimba pake pagalasi, nauyamikira. Za misoko angamuuze ndani?

Pansi pa sutikesi panali nsalu yachikasu imene anaisunga zaka zonse zija akudikira mwana. Tsiku lachisanu mtima unakana kuugwira. Anakoka makina ake achitsulo mpaka pawindo, nayamba kupalasa ndi mapazi uku akuimba.

Mlamu wake, amene anabwera kudzamuthandiza, anatulukira kukhitchini manja ali m'mutu. "Alamu, mwatani kodi? Anamwino aja anati chiyani?"

"Aaa, inunso! Msoko uwu ngolimba, ndauona ndekha. Lamlungu lino mwana wanga ajambulitsa atavala diresi la mayi ake."

Anasoka thupi la diresi, nalumikiza mkono umodzi. Dzuwa likupendeka anayamba kunjenjemera, koma anangofunda bulangete osauza munthu. M'mawa zovala zake zinali zitanyowa pamimba. Mwamuna wake sanafunse zambiri, anangomunyamulira m'galimoto.

Masiku khumi anagona chagada m'chipatala. Chomwe chinamuwawa koposa bala chinali chakuti mwana akalira pambali pake, iye sankatha kumunyamula. Ankadikira mlamu kuti amuikire pabere, misozi ikutsikira m'makutu.

"Kunja munaona bwino, mayi telala," anatero namwino uja akumanga bala. "Nanga msoko wam'kati munauona ndi galasi liti?"

Ulendo uno anamvera. Anapuma, anayamwitsa, ndipo mwana ananenepa mpaka timikono kuchita mphindi. Patatha miyezi iwiri anabwerera pamakina, namaliza mkono wotsala uja. Anaitana onse kuti adzaone akumuveka mwana kadiresiko, foni zili m'mwamba, nthungululu zili pakamwa.

Kamutu kanalowa movutikira. Timapewa tinakaniratu.

Mlamu anagwa nacho chiseko. Telala anaseka nawo, kenaka anakumbatira mwana wake, kadiresi kali lende pakhosi, n'kulira ndithu. Nsalu imene inadikira zaka zisanu ndi zinayi ikanalephera bwanji kudikira masabata asanu ndi limodzi? Ndithudi, kuthamanga sikufika.