Impso ya Apongozi

Panali munthu wina, mkamwini, amene ankatchuka m'mudzi monse chifukwa cha ulemu. Anamanga nyumba pafupi ndi ya apongozi ake aakazi, nakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi ziwiri osayang'anapo nkhope yawo. Akawaona akubwera m'njira ankapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Nawonso akamva kutsokomola kwake ankatembenukira kukhoma. Pakakhala nkhani yoti akambirane, mkazi wake ndiye ankayenda nayo pakati, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi.

Anthu ankati mkamwini ngati ameneyu kulibe. Iye ankamva, ndipo zinkamukoma kwambiri.

Chaka china impso zake zinatopa. Madzi ndi zoipa zimene impso zimasefa zinayamba kutsalira m'thupi. Kuchipatala anamuika pa makina otsuka magazi. Kenako adokotala anati pafunika munthu womupatsa impso, popeza munthu amabadwa ndi ziwiri, ndipo imodzi ikhoza kumusunga.

Abale ake atamva zimenezi, matenda anagwa pa banja lonse tsiku limodzi. Mkulu wake anakumbukira kuti msana umamuvuta. Mng'ono wake anapeza ganyu kutali, kumalo kopanda foni. Mkazi wake anapereka mkono kuti amuyeze, koma magazi awo sanagwirizane. Apongozi anali atabwera kudzangoperekeza mwana wawo. Ataona kuti mzere watha, anapinda okha dzanja la bulauzi. Magazi anagwirizana.

Anawatumiza ku chipatala chachikulu cha kunja. Mu ndege mkazi anakhala pakati. Tsiku la opaleshoni mkamwini ndi apongozi anawagoneka moyandikana, koma poti onse anali atagonetsedwa ndi mankhwala, akumudzi anagwirizana kuti palibe mwambo umene unasweka.

Asanatuluke, adokotala anamukhazika pansi.

"Bambo, m'thupi mwanu muli asilikali. Ntchito yawo ndi kumenya chilichonse chachilendo. Sasiyanitsa kachilombo ndi mphatso. Kwa iwo impso iyi ndi mlendo. Mapiritsi awa amawagwira manja. M'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, osadumpha."

Anamwa chaka chathunthu. Anachira, anabwerera kumunda, anafolera denga. Koma mapiritsiwo anali ndi zawo. Masaya anatupa. Chimfine chilichonse chofika m'mudzi chinkayambira pakhomo pake, poti asilikali ogwidwa manja samenya bwino nkhondo. Ndipo anzake a pa bawo sankamusiya.

"Tatiuzani, achimwene. Mukafuna kutaya madzi mumayamba mwaomba m'manja?"

"Nanga mukakumana nawo m'njira masiku ano mumapatukira kuti, poti theka lawo lili mwa inu?"

Iye ankaseka nawo. Koma chimene chinkamudya sichinali chipongwecho. Chinali chakuti mankhwalawo ankamuuza kawiri pa tsiku kuti thupi lake likufuna kumenya apongozi. Thupi la iye, munthu amene anayabwidwapo ndi chitedze chifukwa cha ulemu.

Tsiku lina masana, akusoka mphasa, anamva nkhani pa wailesi. Ankati madokotala a kunja akuyesa njira zatsopano. Amatenga asilikali ena m'magazi a munthu, aja ofatsa amene ntchito yawo ndi kuleretsa ndewu, n'kuwachulukitsa, n'kuwaphunzitsa, n'kuwabwezera m'thupi kuti akauze anzawo kuti mlendoyo ndi wapakhomo. Ena akuyesa kusintha chibadwa cha asilikaliwo kuti azimuzindikira mlendoyo akangomuona. Zikatheka, mwina anthu sadzafunikanso mapiritsi ambiri. Wowerenga nkhaniyo ananenetsa kuti zonsezi zikadali zoyesa chabe, koma pofika pamenepo mkamwini anali ataimirira kale.

"Kuwaphunzitsa?" anatero. "Si chilangizo chimenecho? Anthu ophunzira atulukira dzulo chinthu chimene ife tinakula nacho!"

M'mawa mwake mkazi wake anamupatsa mapiritsi ndi kapu ya madzi monga mwa masiku onse. Iye anamwa madzi okha, akumeza mokweza kuti zimveke. Mapiritsi anakawaponya m'nsungwi ya nkhokwe. Kenako kuseri kwa nkhokweyo anamasula mabatani a malaya, nanyonyomala, naomba m'manja katatu, nayamba kulankhula ndi mimba yake.

"Anyamata, tcherani khutu. Amene akhala kumanja kuno ndi apongozi anga. Mukakumana nawo, mupatuke. Osawayang'ana kumaso. Pakhomo pano sitichita zachipongwe. Ndikangomva kuti wina wakweza dzanja, tionana."

Mimba inalira. Iye anati avomera.

Sabata yoyamba sanamve chilichonse, ndipo ankayenda ngati munthu amene wakonza dziko. Sabata yachiwiri anatopa msanga kumunda. Anati ndi dzuwa. Sabata yachitatu thupi linayamba kutentha, pamalo pamene panali impso pankapweteka, mkodzo unachepa. Iye anaona kuti anyamatawo ayamba mwano, choncho anawonjezera chilangizo, m'mawa ndi madzulo, osadumpha. Mkazi wake atafunsa, anati ndi malungo a nyengo, atha okha.

Koma pakhomopo panali munthu amene sankanamizidwa. Apongozi aja, poti nkhope ya mkamwini sankaiyang'ana, zaka zonsezo ankayang'ana mapazi. Ankawadziwa kuposa mwini wake. Anaona zingwe za masilipasi zikumira m'mnofu. Akamasenda mtedza pakhonde, atafulatira, ankamva chitseko cha kuchimbudzi. Kale chinkalira kasanu, mwina kasanu n'kamodzi. Tsopano kamodzi, ndipo munthu ankatuluka msanga.

M'mawa wina anapita kukatapa chimanga. Ali mbali ino ya nkhokwe, anamva kuomba m'manja mbali inayo, kenako mawu.

"Anyamata, mwandichititsa manyazi. Kodi ndinakulerani chonchi? Munthu wamkulu wabwera ndi mtima wabwino, inu mukumuchita chiyani?"

Mayiwo anasuzumira m'nsungwi. Inali itadzaza mapiritsi mpaka pakamwa.

Akanatha kuitana mwana wawo kuti nkhaniyo iyende pakati monga mwa nthawi zonse. Anaika lichero pansi. Anazungulira nkhokwe, naima patsogolo pa mkamwini wawo.

Munthu uja anafuna kuthawa, koma mapazi otupa sathamanga. Anagwa chokhala pa mulu wa zitsononkho, nkhuku n'kubalalika. Anakoka malaya kuphimba kumaso, mimba yonse ili pamtunda. Apongozi anagwira malayawo n'kuwatsitsa.

"Bambo a Mwatitha, ndiyang'aneni."

"Amayi, pepani, sizichitika zimenezi."

"Zinachitika kale. Anandicheka ine. Chipsera ndili nacho, mukafuna ndikuonetseni."

"Ayi, ayi, amayi!"

"Ndiye ndiyang'aneni."

Anawayang'ana. Anapeza kuti ali ndi maso aang'ono, okwiya, ofanana ndi a mkazi wake.

"Ndinali nazo ziwiri," anatero mayiwo. "Ndatsala ndi imodzi. Yachitatu ndilibe. Mukapha iyo, mwana wanga akhala wamasiye, ine anandichekera pachabe. Anyamata anuwo alibe makutu. Dzukani."

Anamudzutsa ndi dzanja lawo. Anamugwira mkono kuchoka pankhokwe mpaka kumsewu, mkazi wake akuthamanga pambuyo ndi chikwama cha makadi a kuchipatala. Mudzi wonse unatuluka. Amayi ena anagwira pakamwa. A pa bawo anasiya masewero pakati. Mu minibasi munali malo awiri okha oyandikana, ndipo apongozi sanadikire kuti mwana wawo akhale pakati.

Kuchipatala anamuyeza magazi, namugoneka nthawi yomweyo. Asilikali aja anali atazinga impso mbali zonse. Anamuika madiripi a mankhwala amphamvu masiku angapo. Adokotala atabwera anafunsa kuti anamuuza ndani kuti asiye mapiritsi.

"Ndinkawalangiza," anayankha motsitsa mawu.

"Kulangiza ndani?"

Mkamwini analoza pamimba. Adokotala anavula magalasi, napukuta nthawi yaitali, nawavalanso. Kenako anatembenukira kwa apongozi.

"Mayi, mwafika naye pa nthawi yake. Mukanachedwa sabata ina, tikanamubwezera pa makina."

Impso inapulumuka, koma yovulala. Sinabwererenso mphamvu zake zonse. Munda wa kudambo anausiya, makasu olemera anawapatsa ena.

Kuyambira pamenepo, m'mawa ndi madzulo, apongozi ankawoloka bwalo okha, mapiritsi ali m'dzanja. Mkamwini ankameza, kenako n'kuyasamula, iwo n'kusuzumira pansi pa lilime. M'mudzi anasiya kumutchula pa nkhani za ulemu. Amayi akamalangiza ana awo aamuna ankapereka chitsanzo cha munthu wina. Iye zinamupweteka miyezi ingapo. Koma anali moyo, ndipo chaka chimenecho anavina pa ukwati wa mwana wake Mwatitha.

Tsono inu amene mukundimvera, makamaka inu osunga mankhwala a tsiku ndi tsiku m'kabati. Njira zatsopanozo si bodza. Alipo anthu amene akuvutika nazo kuti tsiku lina thupi lidzalandire mlendo popanda kuligwira manja, ndipo tiziwapempherera. Koma zikadzapsa, adzakuuzani ndi dokotala amene ali ndi khadi lanu m'manja, osati theka la nkhani ya pa wailesi. Kufikira tsiku limenelo, munthu akakupatsani chinthu chimene iye sangapezenso, musamuthokoze ndi kupatuka m'njira. Mezani mapiritsi.

Ndipo inu amene mukuona mapazi a munthu wanu akutupa, koma mukuchita manyazi kufunsa, zungulirani nkhokwe. Anthu adzalankhula ndithu. Kuli bwino akunene lero kuti ulibe mwambo, kusiyana ndi kukuyamika pa maliro kuti unali waulemu.