Nkhanu ndi Kamzere ka Pamchenga

Padangotero, kale nyama zikadali pa chimvano, namondwe ankadzidzimutsa onse okhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Nyamazo zinapangana kusankha mlonda woti aziona mitambo ikadali kutali. Mlondayo akhale wa pamwamba kuposa onse, ndipo anzake azimudyetsa.

Nkhanu atamva za kudyetsedwa, malovu anadzaza m'kamwa.

Woyeza anali Kamba, poti amayenda pamtunda ndi m'madzi momwe. Iye anati, "Polekezera madzi ndi pa ziro. Wokhala pamwamba pa madzi ndimulembera nambala yokha. Wokhala pansi ndiyamba ndi kamzere, kusonyeza kutsika."

Analemba pamchenga mikono ya aliyense, kuyeza kuchokera polekezera madzi. Kakowa wa pathanthwe, 8. Nkhanu wa kuphanga la m'madzi, -3.

"Itatu yokha?" Nkhanu anadandaula. "Tadikirani!"

Anamira akuimba:

"Nditsike, nditsike,
nambala ikule!"

Kamba anamutsatira, nalemba -10. Nkhanu sanakhutire.

"Nditsike, nditsike,
nambala ikule!"

Kamba analemba -20.

Nkhanu anavuuka akuvina cham'mbali. "Makumi awiri! A Kakowa, ndakuposani!"

"Achimwene, mwatsikatu," anatero Kamba. "Pa -3 paja a Kakowa anakuposani ndi mikono khumi ndi umodzi. Pano akuposani ndi makumi awiri, kudza isanu ndi itatu."

Nkhanu anayang'ana pamchenga. Anatambasula dzanja, nafufuta kamzere kaja. "Nanga pano?"

Kamba anaseka. "Chabwino. Makumi awiri opanda kamzere ndi kunsonga kwa mgwalangwa uwo. Kwerani, ulonda ukhale wanu."

Nkhanu anakwera. Anakwera, anakwera. Dzuwa linamuswa pamsana, mphepo inamuumitsa kukhosi, maso anachita chidima. Mitambo sankaiona, ankangoona madzi akunyezimira pansi. Anaterereka, basi chubwi!

Madzi ozizira anamulandira. Thupi la Nkhanu linabwerera m'malo. Atavuuka anati, "A Kamba, bwezerani kamzere kanga. Kunsi kwa madzi ndiko kwathu."

Kakowa anakhala mlonda. Akakuwa kuti "Namondwe uyo!", Nkhanu ankatsogolera tinsomba kunsi kuja, kumene mafunde safika, ndipo onse ankapulumuka. Tinsombato tinkamugawira ndere, iye n'kumadya mtima uli m'malo.

Ana inu, musakomedwe ndi kukula kwa nambala, muyambe mwaona ngati ikukwera kapena ikutsika.