Mizere Iwiri ya Mwatitha

Panali mtsikana wina wa pa yunivesite, dzina lake Mwatitha, yemwe ankaphunzira masamu ofotokoza momwe zinthu zimasinthira nthawi ikamapita. Phunziro limeneli anali atalephera kale kamodzi. Kulephera kachiwiri kunali kulongedza katundu, kuja ophunzira amati kuwidedwa.

Aphunzitsi ake, a Dokotala Nkhwazi, anauza aliyense kuti alembe pepala la kafukufuku teremu isanathe. Mwatitha anasankha nsomba za m'damu la bambo ake: zikamaswana chaka ndi chaka, chakudya n'kumachepa, chiwerengero chake chidzayenda bwanji? Analemba masamu ake bwinobwino, n'kulowetsa m'kompyuta nambala yoyambira yoimira kuchuluka kwa nsombazo, 0.400. Kompyuta inajambula mzere wokwera ndi kutsika. Mawa lake anabwereza kuti atsimikize, koma chala chinaterereka, n'kulemba 0.401.

Kusiyana kwake kangachepe, abale, ngati kambewu ka mpiru! Mizere iwiriyo inayamba kuyendera limodzi. Koma pofika chaka chakhumi ndi chisanu, wina unkati damu ladzaza, wina unkati nsomba zatsala pang'ono kutha.

Masabata awiri athunthu Mwatitha anasakasaka pomwe masamu ake analakwika, osapapeza. Anayesa manambala ena oyandikana, koma mizere inkasiyanabe.

Mnzake wa m'kalasi, Lonjezo, anamuseka. "Iwe, usadzivute. Fufuta umodzi, upereke wooneka bwinowo. Adziwa ndani?"

Kunena zoona, Mwatitha anayesedwa. Ankaopa kubwerera kumudzi chimanjamanja. Koma anadziwa kuti pepala lotere likhala chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye anaika mizere yonse iwiri patsamba limodzi, n'kuonetsa chaka chomwe inapatukana. Pansi pake analemba kuti: "Ndayesa kambirimbiri. Kusiyana kochepa koyambirira kumakula chaka chilichonse. Sindinapeze cholakwika."

Patapita masiku, a Nkhwazi anamuitanitsa ku ofesi. Mwatitha analowa.

"Pepani, a Dokotala, zinandikanika," anatero asanakhale n'komwe.

Aphunzitsiwo anavula magalasi, n'kuseka. "Ukupepesa chiyani? Tandiuza, sabata yachisanu ndinaphunzitsa chiyani?"

Mwatitha anayankha mosajejema, pajatu anali katswiri woloweza: "Kuti pali zinthu zina zomwe, ukasintha pang'ono poyambira pake, mathero ake amasiyana kutali..." Anaima pomwepo. Anayang'ana tsamba lija, dzanja lili pakamwa.

Mwana uyu! Mawuwo anawasunga m'mutu ngati ndime ya Baibulo, koma chinthucho chitamufikira pakhomo anachiyesa mlendo, n'kufuna kuchithamangitsa.

"Anzako andikopera za m'buku," anatero a Nkhwazi. "Iwe wachiona ndi maso ako. Pita ukawonjezere ndime imodzi yofotokoza zimene wangonenazi. Wakhoza."

Tsono inu ophunzira anga, amene mwayamba kulemba mapepala anu sabata ino, imvani. Chikakusokonezani m'ntchito yanu, musathamangire kufufuta. Chiyang'anitseni, chilembeni momwe chilili, mwina n'chomwecho mwakhala mukuloweza teremu yonse. Ndipo iwe amene unalepherapo, usadziwerengere mathero lero. Mwatitha sanasinthe zambiri ayi: anangosiya mzere wachiwiri uja patsamba osaufufuta. Lero ndi mphunzitsi pano, ndipo ndi iyeyo amene adzachonge mapepala anuwa.