Swichi Yosapuma ya a Mawaya

Mu ofesi yogulitsa matikiti a basi, kuseri kwa kabati, munali kabokosi kothwanima timagetsi tobiriwira. Ankakatcha swichi, ndipo ndi kamene kankalumikiza makompyuta onse ku netiweki. Wokasamalira anali bambo wina wouma mutu, amene anzake anangomupatsa dzina loti a Mawaya.

Tsiku lina swichiyo inazima iwo atapita kokadya, ndipo abwana anawakalipira pamaso pa anthu. Manyazi aja sanawachoke. Swichiyo inali ndi wotchi yake: nthawi ikakwana, inkadzipima, ndipo ikapeza vuto inkatumiza uthenga pafoni yawo. A Mawaya anaifupikitsa nthawiyo mpaka kufanana ndi kuphethira kwa diso, n'kuilamula kuti izinena ngakhale palibe vuto.

"Alamu, nanga ntchito yake izigwira nthawi yanji?" anafunsa mlamu wawo, wogulitsa matikiti pawindo.

"Inu gulitsani matikiti. Za mawaya zisiyireni eni ake."

Mauthenga anayamba kugwa ngati matalala: ndili bwino, ndili bwino. Posakhalitsa purosesa, yemwe ndi ubongo wa kabokosiko, anatentha ndi kudzipimako. Swichi inatumiza uthenga woti yatopa. Kutumizako kunaitopetsanso, ndiye inatumiza wina wodandaula za woyambawo. Foni inkanjenjemera mpaka kuyenda yokha patebulo ngati mphemvu.

Kunyumba, mkazi wawo anaitola ikulowera kunsi kwa mpando.

"Bambo, Swichi ameneyu ndani wokuuzani kuti akutentha thupi?"

"Ndi makina, mayi."

"Makina odandaula kuti simukuwayankha?"

M'mawa mwake mayiwo analawirira ku ofesi kukaonana naye mkazi mnzawoyo. Anapeza mzere wa anthu wafika kumsewu, mabasi akungolira opanda wokwera, makompyuta ali duu. Swichi inalibe mpata wodutsitsa tikiti ndi imodzi yomwe. Amuna awo anali atagwada kuseri kwa kabati, akuikupiza ndi chikatoni. Anayesa kuiuza kuti italikitse nthawi ija, koma iyo inali yotanganidwa ndi madandaulo, sinamve.

"Izimitseni kaye ipume," anatero mlamu uja.

"Ikazima ndidziwa bwanji kuti ili bwino?"

Asanamalize, kunamveka fungo la pulasitiki yopserera, timagetsi tonse n'kuzimiratu. Mayiwo anasuzumira, n'kukayang'ana kabokosiko kwa nthawi ndithu, mkwiyo ukusanduka chisoni.

"Ndiye ndinu amenewa?" anatero chapansipansi. "Pepani anzanga. Akuphani ndi mafunso. Inenso ndimawadziwa bambowa."

Abwana anabweretsa swichi ina, n'kuwaimirira a Mawaya kumbuyo mpaka atatalikitsa nthawi ya wotchi yake kuti izilankhula pokhapokha pali chonena. Yakaleyo mayi aja anaipempha, ndipo ili pawindo la kukhitchini kwawo, yangoti phee. Akuluakulu sananame: ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.