Mayi Gologolo ndi Miyala ya Maziko

Nkhani iyi ambiri amaifotokoza modumphadumpha. Ine ndakhala m'komiti ya msika wathu zaka khumi ndi chimodzi, palibe angandiphunzitse za kukhonsolo, ndiye khalani bwino muimve yathunthu.

Nthawi imene nyama zinali ndi mzinda wawo, wokhala ndi misewu, msika ndi khonsolo, zikuluzikulu zinkakhala kumtunda. Zing'onozing'ono zinkakhala ku Dambo, m'mphepete mwa mtsinje wa Nankhuwi. Kumeneko ndi kumene kunali Mayi Gologolo, mayi wa ana atatu, wogulitsa mtedza wokazinga.

Chaka chilichonse mvula ikalimba, mtsinje unkatulukira pamalo amodzi omwewo, pamene gombe linagumuka kalekale. Madzi ankadzaza m'nyumba, nyama zonse n'kuthithikana pa chulu chimodzi. Kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, masabata atatu osapita kumsika. Chaka chapitacho mtedza wonse wa Mayi Gologolo unamera m'matumba, ana ake n'kumagonera makungwa a mtengo.

Tsono litafika tsiku la msonkhano wa bajeti, pamene khonsolo imagawa ndalama za chaka, mayiyu anamanga chitenje nalawirira kuholo. Kutsogolo kunakhala a Njovu, Meya wa mzinda. Pambali pawo a Njati oyang'anira chuma, a Chipembere a zachitukuko, ndi khansala wa ku Dambo, a Mvuu. Mwamva bwino, a Mvuu. Dera losefukira madzi, khansala wake mvuu. Anavota okha, musandiyang'ane ine.

"Bwana Meya," anatero Mayi Gologolo ataimirira pa benchi kuti aoneke, "ife tikupempha khoma pamene pamatulukira madzi paja. Miyala inayi ikuluikulu, basi."

A Njati anatembenuza mapepala. "Mayi, ya khoma mulibe chaka chino."

"Nanga muli ya chiyani, bwana?"

"Muli ya mpando watsopano wa a Meya, wakale unathyoka. Muli ya nsalu za amayi ovina. Kwinako ndi ya miyambo yoika miyala ya maziko."

A Mvuu anayasamula, holo yonse n'kuona kukhosi. "Komanso ine monga khansala wa deralo sindikuonapo vuto. Chaka chatha nthawi ya mvula ndinayendera dera lonse, khomo ndi khomo. Kunali kozizira bwino."

"Munayendera chosambira, bwana."

Anthu anaseka, ndipo Fisi, mesenjala wa khonsolo, anagwira Mayi Gologolo mchira n'kumuponya panja.

Pobwerera kwawo anaona mitambo ikusonkhana kumapiri. Anakhala pagombe logumukalo, dzanja patsaya. Kenaka khutu linaimirira. "Ya mwala wa khoma mulibe, ya mwala wa maziko ilimo. Nanga madzi amasiyanitsa?"

Kwa amene simudziwa, mwala wa maziko ndi uja akuluakulu amaika polonjeza chitukuko. Amalembapo dzina lawo, amayi n'kuvina, zithunzi n'kujambulidwa, onse n'kubalalika. Ineyo ndavinirapo miyala isanu ndi umodzi, nyimbo ndikutsogolera ndine, koma nyumba yomangidwa pamenepo sindinaionebe.

Chisankho chinali kubwera mvula ikatha. M'mawa mwake Mayi Gologolo anagwada pakhomo la ofesi ya a Njati.

"Bwana, ku Dambo akukutchulani. Akuti mumzinda muno wodziwa kufunika kwa sukulu ndi inu nokha."

"Ya sukulu mulibe, mayi."

"Iii, bwana, wanena sukulu ndani? Mwala wake wokha. Sukulu idzabwera Mulungu akalola."

A Njati anavula magalasi. "Kuuika pati?"

"Pagombe, bwana. Aliyense wodutsa pamlatho aziwerenga dzina lanu."

Lachinayi mwala unafika, a Njati akuukankha okha ndi mutu. Unali ngati nkhokwe. Amayi anavina, mwala n'kukhala pamene Mayi Gologolo analoza.

Kutacha anali kwa a Chipembere.

"Bwana, mwauona wa a Njati? Ine sindikonda miseche, koma kumsika akuti nyanga yanuyo ndi yongoopsezera ana, mwala ngati uja simungausunthe."

"Wanena zimenezo ndani?"

"Pakamwa pa anthu, bwana. Ine ndinawayankha kuti dikirani mudzaone mwala wa chipatala."

"Chipatala chiti?"

"Chanu, bwana. Koma muuike mogundana ndi wa a Njati, osasiya mpata ngakhale wa nyerere, kuti anthu adzionere okha waukulu ndi uti."

Mwala wa a Chipembere unabwera woposa woyamba uja, ndipo anaukanikiza kwa mnzakewo mpaka unalira.

A Mvuu ndiye anavutako. Anaima pagombe akuyang'ana miyala iwiriyo ndi diso limodzi.

"Iwe, miyala imeneyi ikundandalikana bwanji ngati mano?"

"Ndi zimene ndikudabwa nanenso, bwana. Alendo akudzala mayina m'dera lanu, mwini dera mulibe. Dzulo mwana wanga anandifunsa kuti, amayi, khansala wathu anamwalira?"

"Kumwalira? Ine?"

"Ndinamumenya pakamwa. Koma ena sindingawamenye onse."

"Ndiika wanga. Wa chiyani?"

"Chimene mumakonda, bwana."

"Dziwe losambiramo!"

Wa a Mvuu anauika kumapeto enawo a gombe logumukalo. Pakati pa mwalawo ndi wa a Chipembere panatsala mpata umodzi, waukulu kuposa yonse. Mitambo inali itada tsopano, nyerere zikusamutsa mazira.

Kwa a Njovu sanachite kudzipitira yekha. Iwo ndiwo anatuma Fisi kukamutenga.

"Mayi iwe, Meya mumzinda muno ndani?"

"Ndinu, bwana."

"Nanga bwanji aliyense ali ndi mwala kupatula ine?"

"Pakati paja tasungira inu, bwana. Ana amakhala m'mbali, bambo pakati."

A Njovu anagwedeza makutu. "Msika wamakono. Loweruka, naini koloko."

Apa ndi pamene nzeru zinamukwera mayiyu m'mutu. Anayenda pagombe akuwerenga mayina: Njati, Chipembere, Mvuu. "Khoma langa, mayina a eni? Ana anga adzadziwa bwanji?" M'nthiti mwa mwala wa a Chipembere, mbali yoyang'ana pampata uja, munali kaphanga. Loweruka m'mawa anatenga msomali kuti akalembe dzina lake m'menemo.

Mayi Mbewa, mnansi wake, anamuletsa. "Achemwali, naini yakwanatu."

"Mwambo wa naini umayamba thwelofu, inunso mukudziwa. Munamuona liti Meya akufika pa nthawi yake?"

Ndipo kunena zoona, chikhalire cha mzindawo zinali zisanachitikepo. Koma tsikulo bingu linagunda kumapiri, ndipo a Njovu anali atavala suti yatsopano. Anafika naini yeniyeni, mwala uli pachitamba, mayi uja akadali m'kaphanga. Analibe nthawi ya pemphero, analibe nthawi ya zolankhula. Dontho loyamba litagwa pa kolala, anangoti, "Chitukuko chafika!" Di!

Mdima.

Mayi Gologolo anafuula, koma ng'oma za amayi ndi mvula zinameza mawu ake. Anakanda kumanzere, mwala. Kumanja, mwala. Kumwamba, mwala. Kunangotsala kamng'alu koyang'ana ku Dambo, kokwana dzanja lokha.

Mvula inagwa masiku awiri. Mtsinje unatupa, unabwera pamalo ake akale, unagunda miyala inayi, unabwerera. Ku Dambo kunauma gwaa. Nthungululu zinamveka mpaka kumtunda, koma ana atatu ankayenda khomo ndi khomo kufunsa amayi awo. Amene anapeza mayiwo ndi Mayi Mbewa, ataona kadzanja kakugwedera pamng'alu.

Tsiku lachitatu a Mvuu anatsika kudzayendera dera lawo monga mwa chizolowezi. Anapeza ana akusewera fulaye pouma. Anayang'ana miyala, anayang'ana mtsinje, anayang'ananso miyala. Masana omwewo khonsolo yonse inali pagombe.

"Ili ndi khoma!" anakuwa a Mvuu. "Tapusitsidwa ndi kanyama kosakwana m'kamwa!"

A Njati anatsegula mapepala. "Khoma mu bajeti mulibe. Ndiye kuti khomali n'losaloledwa."

"Ligumulidwe," anatero a Njovu.

Ana a Mayi Gologolo analumpha. Wotsiriza anathamangira pamng'alu. "Amayi, amayi, akutulutsani!"

M'kaphanga muja mayiyo anali atapindika masiku atatu, msana ukuwawa, mchira utanyowa. Mwala umodzi wokha ukanasuntha, akanatuluka. Koma kuseri kwa mutu wake ankawamva madzi akukankha, akulira ngati chigayo. Atuluke iye, alowe madzi. Anagwira kadzanja ka mwanayo kanthawi, kenaka anakasiya nakonza pakhosi.

"Mabwana anga, ndalakwa. Gumulani ndithu."

"Wadziwa mochedwa," anatero Fisi.

"Chimodzi chokha, kuti ulemu usasokonekere pamaso pa anthu. Yambani kuchotsa mwala wa amene ali wochepetsetsa pakati panu. Wa bwana weniweni utsalire."

Mabwana anayang'anana. Dambo lonse linali pamenepo, ndipo chisankho chinali pafupi.

"Wanga ndiye musaukhudze," anatero a Njovu.

A Njati anatsokomola. "Mwa dongosolo, a Mvuu ndi khansala wamba."

"Wamba? M'dera langa? Achotse a Chipembere, anangotsanzira!"

"Bwera udzauchotse ndikuone," anatero a Chipembere akutsitsa nyanga.

Anakangana mpaka suti zinanyowa. Pomaliza a Njovu analamula kuti pakhazikitsidwe komiti yofufuza mwala woyamba kuchotsedwa. A Njati anati komiti siingakumane popanda alawansi, ndipo ya alawansi imeneyo mulibe chaka chino. Nkhani inaikidwa ku bajeti ya chaka chamawa.

Fisi anatsalira, naika mphuno pamng'alu. "Mayi, nzeru zanu ndazigonjera. Mwadzitsekera nokha, kiyi n'kumeza." Anapita akuseka mpaka pamlatho.

Miyezi itatu, abale anga. Miyezi itatu m'malo osatheka kuimirira, osatheka kutambasula miyendo. Ana ankamupatsira mtedza umodziumodzi ndi madzi a m'kachitsekero ka botolo. Iye ankangoona mapazi awo. Wamkulu anaphunzira kukazinga mtedza mochita kuuzidwa pamng'alu: "Moto usachuluke, mchere uthire utauphula." Wotsiriza anakwera mtengo koyamba mayi ake akungomva anthu akuombera m'manja. Masiku ena Mayi Mbewa ankabwera ndi khasu.

"Achemwali, tikumbe pansi pokha."

"Mukakumba pansi madzi apeza njira. Bwezani khasulo."

"Muferamotu muno."

"Ndikafa mudzaike mwala wa maziko."

Mvula inatha, mtsinje unaphwa. Mbiri inamveka kutali kuti kuli mzinda umene unagonjetsa madzi, ndipo tsiku lina kunabwera alendo ochokera ku khonsolo ina kudzaphunzira, motsogozedwa ndi Meya wawo, a Nyamalikiti. A Njovu anawatengera pagombe, naima patsogolo pa mwala wawo.

"Nzeru imeneyi," anatero, "inandibwerera ine ndekha. Anzanga ankakana, koma ine ndinati ana a ku Dambo sangavutike ndili moyo."

Alendo akulemba m'mabuku, panamveka kamawu kuchokera m'miyala.

"Bwana Meya, ndiwonjezepo?"

A Nyamalikiti anatsitsa khosi. "Pepani, mwalawo ukulankhula?"

"Ndi mphepo imeneyo," anatero a Njovu. Anawerama ngati akuchotsa udzu, nanong'ona pamng'alu. "Ukufuna chiyani?"

"Kunja, bwana. Madzi aphwa, mukangokankha pang'ono palibe chionongeke."

"Nkhani yako ili ku komiti."

"Chabwino, ndidikira. Vuto lake n'lakuti mkati muno ndimakumbukira kwambiri. Amene anati ya khoma mulibe, amene anati ligumulidwe. Koma ndikaona dzuwa ndimaiwala zonse, ndi matenda a kwathu." Kenaka anakweza mawu. "Alendo athu, takulandirani! Nkhani yake inayamba chonchi..."

"Alendo!" anakuwa a Njovu. "Taonani kulimba kwa ntchito yathu!" Anatsamira mwala wawo ndi phewa, mwala n'kusuntha pang'ono, ndipo pakati pa miyendo yawo panadutsa kanthu kowonda ngati ndodo, mchira wothothoka ubweya.

Anayenda dzandidzandi, maso akulephera dzuwa, nagwa kawiri asanafike pa ana ake. Wotsiriza anayamba wabisala kumbuyo kwa mkulu wake, mpaka anamva mawu akuti, "Iwe, wasamba lero?" Pamenepo anamudumphira pakhosi. Mayi Gologolo anakhala pansi pafumbi, ana atatu atamuunjikira, nayamba kuseka. Anaseka mpaka nthiti zonse zinkawerengeka, kumbuyoko a Njovu akupitiriza kuphunzitsa alendo.

A Njovu anapambananso chisankho, ndipo nyuzi inalemba kuti khoma ndi lawo. Mayi Mbewa anabwera nayo nyuziyo atakwiya.

"Achemwali, miyezi itatu m'dzenje, dzina n'kupita kwa wina. Sizikukuwawani?"

Mayi Gologolo anali akuyanika mtedza pakhomo, matumba asanu ndi awiri, onse ouma.

"Asiyeni adye dzinalo," anatero. "Ndipatseni pepalalo, ndikulungiremo mtedza."

Yanga yathera pamenepa. Wina akakuuzani mosiyana, mumutumize kwa ine.