Eriyo ya M'sutikesi

Panali munthu wina, wosoka nsapato, amene anakangana ndi mwana wake wamkazi pa nkhani ya ukwati. Mwanayo, dzina lake Dalesi, anapita ku Joni osatsanzika. Zaka zinadutsa kuli zii.

Tsiku lina kunafika mmisiri atanyamula kabokosi kotchedwa rauta, kotumizidwa ndi Dalesi. Anazika nsungwi yaitali panja, namangirira eriyo pamwamba pake, nalowetsa waya m'nyumba.

"Madala, mvetsetsani," anatero mmisiriyo. "Foni yanu izilankhula ndi kabokosika, kabokosi kazilankhula ndi eriyo, eriyo ndi nsanja ili paphiri apo. Pakaduka pamodzi, mawu sapita."

Madalawo anangogwedeza mutu, maso ali pa timagetsi tophethira. Posakhalitsa foni inalira, ndipo anamva mawu amene anawasowa zaka zonsezo: "Bambo, kuno kwabwera mlendo, wamkazi. Tili m'chikuta. Dzina mupereke ndinu tisanatuluke."

Munthu wamkulu analira ngati mwana.

Masana amenewo anawodzera pakhonde, nsapato ya eni ake ili pamwendo. Analota malemu mkazi wake akutsika phiri lija, khanda lili kumsana, akuliimbira motsitsa, akulitchula kuti Tayanjana. Atadzidzimuka, dzina linali pakamwa, koma kumwamba kunali bii, mvula ikubwera.

Anayang'ana eriyo ili yokhayokha pansungwi, chifundo chinamugwira. "Mphatso ya mwana wanga inyowe ine ndilipo? Ayi ndithu!" Anagwetsa nsungwi, namasula eriyo, naipukuta bwinobwino, naikulunga m'chitenje cha malemu, naitsekera m'sutikesi. Kenaka anakhala pafupi ndi kabokosi najambula mawu ake pafoni, nawatumiza kwa Dalesi: "Mwana wanga, zakale zatha. Mdzukulu wanga ndi Tayanjana."

Timizere ta pafoni tinali todzaza, mtima wake unakhala pansi. Koma abale, timizereto tinkangonena kuti foni ndi kabokosi zikumvana m'nyumbamo. Za kunja sitinkazidziwa.

Mvula inagwa ya mvumbi, masiku ambirimbiri. Iye ankasoka nsapato uku akumwetulira yekha, akuona m'maganizo mawu ake akuuluka ngati namzeze, nsanja ndi nsanja, kuwoloka Zambezi, kuwoloka Limpopo, mpaka kukatera pakhutu la khanda. Yankho silinabwere, iye n'kumati, "Wachikuta amatanganidwa, musiyeni."

Dzuwa litawala, anatulutsa eriyo ija ili youma gwa, yosadetsedwa n'komwe, naibwezera pansungwi. Nthawi yomweyo foni inayamba kulira mosalekeza. Mauthenga a Dalesi analowa mondondozana. "Bambo, mwamva?" "Bambo, mchombo wagwa." Ndipo wotsiriza unati: "Tadikira, tatopa. Ndadziwa kuti simunandikhululukire. Mwana tamutcha Mwatitaya."

Ali chiimire pomwepo, anaona uthenga wake uja ukunyamuka tsopano.

Inu amene mukumva, eriyo anaipangira mvula ndi mphepo, malo ake ndi panja. Alipo ena pano amene anakhululuka kalekale, koma chikhululukocho anachikulunga m'chitenje kuti chisanyowe. Mumtima mwanu timizere n'todzaza, mukugona tulo tabwino, pamene m'bale wanu kutsidyako sanamve kanthu. Musafunse ngati munanena. Funsani ngati zinafika, mwana asanatuluke m'chikuta.