Dzina la Mwana wa Elube

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, ndege zikuuluka kale ndipo mafoni ali m'manja mwa anthu, kunali mtsikana wina wa ku Ntcheu dzina lake Elube. Ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Tsiku lina panafika bambo wina wotchena bwino, wa pakamwa potsekemera.

"Achemwali, mukupseranji ndi dzuwa?" anatero bamboyo. "Kutsidya kwa nyanja yamchere kuli ntchito yophweka ya m'nyumba. Zaka ziwiri zokha, mudzabwera n'kuwamangira amayi anu nyumba yamalata."

Elube anakwera ndege akumwetulira, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Atangofika kutsidyako, m'dziko lotentha lamchenga, bwana wake anamulanda foni, pasipoti n'kuitsekera m'bokosi lachitsulo. Geti linali lokhoma nthawi zonse. Ankagwira ntchito yopanda Sabata, malipiro osawaona. Atapsereza malaya tsiku lina, dona anamudinda pamkono ndi simbi yomweyo. Bwana naye ankamuchita zinthu zimene sitinganene pagulu, ndipo Elube akalira ankangomuuza kuti, "Ndinakugula." Zaka ziwiri zinatha, chachitatu n'kuyamba. Kumudzi anali atayamba kunong'ona zoti mwina anafa.

Koma Elube sanafe. Anapulumutsidwa ndi akazi atatu.

Woyamba anali Tigisti, wa ku Itiyopiya, wantchito wa nyumba yoyandikana nayo. Awiriwa ankaonana pamwamba pa mpanda akamayanika zovala, ndipo chinenero chawo chinali manja ndi maso basi. Tigisti ataona bala la simbi lija anagwira pakamwa. Mawa lake anaponya thaulo lopindapinda, m'kati mwake muli kafoni kamene anakabisa kwa zaka zinayi, njira yokhayo yomvera mawu a ana ake. Elube anajambula balalo, n'kujambulanso mawu ake akufotokoza zonse, natumiza kwa mchimwene wake. Koma abwana a Tigisti anazindikira. Elube anamva kulira kuseri kwa mpanda, kenako galimoto ikutuluka. Tigisti sanaonekenso pa chingwe cha zovala, ndipo kumene anamupititsa palibe akudziwa mpaka lero.

Wachiwiri anali Rozina, namwino wa ku Mulanje amene ankagwira ntchito m'dziko lina lozizira. Mawu a Elube anayenda foni ndi foni mpaka anamupeza. Sankamudziwa Elube, ngakhale mbale wake mmodzi, koma anati, "Uyu ndi mwana wa munthu." Kwa miyezi isanu anasautsa maofesi, kulemba makalata, kuimba mafoni mpaka akuluakulu anayamba kumuzemba. Ataona kuti akungomuuza za mawa, anatenga mawu a Elube onse, osachotsa ngakhale limodzi, n'kuwapereka ku wailesi pamodzi ndi dzina la mwini mawuwo. Dziko linagwedezeka. Tikiti inapezeka, nyumba yothawirako inapezeka. Koma Ntcheu yense anamvanso zimene bwana uja ankamuchita, ndipo Elube palibe anamufunsa ngati akulola.

Wachitatu anali Samira, mwana wamkazi wa bwana yemweyo. Kwa zaka zonsezo sanamuitanepo Elube ndi dzina. Simbi ija itatera pamkono iye analipo, anangotembenuka n'kutuluka. Tsiku lina iye mwini anamumenyapo khofi chifukwa cha tiyi wozizira. Koma tikiti popanda pasipoti ndi pepala chabe, ndipo anthu a Rozina sakanatha kulowa pa geti lija. Masana ena makolo ake atapita ku ukwati, Samira anatenga kiyi m'thumba la mkanjo wa bambo ake, natsekula bokosi lachitsulo. Analowa kukhitchini n'kuika pasipoti patebulo.

"Elube," anatero, koyamba. "Siya mbalezo. Tiye."

Anamuyendetsa yekha pa galimoto mpaka kunyumba yothawirako. Bambo ake atadziwa anamuthamangitsa pakhomo, ndipo mwamuna amene anamutomera anabweza mawu.

Elube anabwerera kwawo ali mafupa okhaokha. Kumsika anthu ankasiya kulankhula iye akamadutsa, ena n'kumaloza ndi milomo. Kwa chaka chathunthu sanafike kutchalitchi. Koma mtima unapola pang'onopang'ono. Anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa dzina lake Lingisoni, amene anaidziwa nkhani yonse ndipo sanaifunsepo. M'chaka chachitatu Elube anabereka mwana wamkazi.

Mchombo utagwa, tsiku lotuluka m'chikuta litakwana, abale anasonkhana pakhonde kuti mwana apatsidwe dzina. Elube anati, "Mwanayu sakanabadwa ine ndikanafera kuja. Ndikufuna atenge dzina la amene anandipulumutsa. Koma ndaganiza mpaka mutu kuwawa, sindikumupeza."

"Akazi anga, apa palibe chovuta," anatero Lingisoni. "Ndi Tigisti. Analibe kalikonse, analinso kapolo ngati inu, koma anapereka chokhacho chimene anali nacho. Ena awiriwa ali moyo, akudya. Iye mwina dzina lake latsala m'kamwa mwanu mokha."

Amayi ake a Elube anapukusa mutu. "Ayi, apongozi. Kafoni kaja kanangobweretsa maliro pakhomo pano. Tinamva mawu, tinalira, basi. Tikanapita kuti ife? Amene anasandutsa kulira kwathu kukhala ndege ndi Rozina."

"Ndipo amene anandivula pamaso pa dziko lonse ndi yemweyonso, amayi," anatero Elube motsitsa mawu.

"Walira mvula walira matope, mwanawe. Akanabisa, bwenzi uli kuno?"

Azakhali ake a Elube anatsokomola. "Inu mukuiwala amene anatsekula chitseko. Kuchitira chifundo mnzako wovutika naye n'kwapafupi. Kulimbana ndi adani uli kutali n'kwapafupinso. Koma kuukira bambo ako okubala chifukwa cha mlendo, ndani pano angathe?"

"Azakhali, munthu amene anaonerera mkazi wanga akuwotchedwa?" anafunsa Lingisoni. "Tsiku limodzi labwino lifafanize zaka zitatu?"

"Nanga tsiku limenelo likanapanda kubwera?"

Wina anati angomupatsa mayina onse atatu. Elube anakana. "Pa kalata mukhoza kulemba khumi," anatero, "koma dzina loitanira mwana ndi limodzi. Ndidzalitchula m'mawa uliwonse mpaka kufa kwanga."

Anamuyang'ana mwanayo ali m'tulo pachifuwa pake. Akaganiza za Tigisti, misozi inkalengeza. Akaganiza za Rozina, kuthokoza ndi mkwiyo zinkabwera limodzi. Akaganiza za Samira, tsaya linkakumbuka khofi, koma miyendo inkakumbuka kutuluka pa geti. Dzuwa linafika pamutu, madzi osambitsira mwana anazizira, anthu akukanganabe.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, mwanayo akudikira. Wina anataya zonse koma sakanatha kumutulutsa. Wina anagwedeza dziko koma anamuchotsera ulemu osapempha. Wina anatsekula chitseko chimene iye mwini anathandiza kutseka. Mukanakhala Elube, m'mawa uliwonse mukanamaitana ndani: Tigisti, Rozina, kapena Samira?